Amisiri a Kabyuleta a ku Joni

Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo mpweya wake ndi wopepuka. Kale galimoto yochokera ku Durban ikafika kuno inkamwa petulo wambiri n'kumafooka pachitunda, chifukwa kabyuleta yake, yomwe imasakaniza petulo ndi mpweya, inachunidwira kunyanja. Amakaniko a ku Joni ankasintha timajeti, kenaka n'kutchera khutu mpaka injini italira bwino.

Inali ntchito ya tsiku ndi tsiku. Ford Cortina XR6 Interceptor ya 1981 inali ndi makabyuleta atatu a Weber, ndipo kuwagwirizanitsa kunkafuna mmisiri weniweni, osati wongogwira sipanala. Ka Nissan 1400, kopangidwa ku Rosslyn, kanakakamira kabyuleta mpaka 2008, anzake atasamukira kale ku mainjekita ndi kompyuta.

Lero amisiriwo atsala ochepa, ambiri imvi zili mbuu. Eni galimoto zakale amakafunsana za iwo pa misonkhano ya Piston Ring Club ku Modderfontein, kumene zipangizo zamakedzana zimagulitsidwa. Kugalaja yamakono munthu amangouzidwa kuti agule kabyuleta ina, koma ogula galimoto zotere amayamba atsegula boneti kuti aone ngati kabyuleta ndi yomwe inachokera kufakitale.