Mwana wa Gomani ndi Boma la ku Zomba

Ena a inu munaonapo kanema wa ku India wa m'chinenero cha Chitelugu wotchedwa Baahubali, amene S. S. Rajamouli anatulutsa m'zigawo ziwiri, mu 1915 ai, koma mu 2015 ndi mu 2017. M'menemo mwana wa kalonga wophedwa mwachiwembu akula, namva za imfa ya atate ake, nalipsira mwazi wao. Kwathu kuno nkhani yotere iliponso, koma mathero ake ndi ena.

M'chaka cha 1896 likulu la boma la atsamunda linali ku Zomba, patsinde pa phiri. Kumeneko ndiko kunachokera lamulo lotumiza asilikari kukagwira Inkosi Gomani, mfumu ya Angoni a kwa Maseko, amene sanafune kuti anthu ao azikhoma msonkho ndi kukagwira ntchito kwa Azungu. Mu October chaka chomwecho anawaombera mfuti pafupi ndi Dombole, m'boma la Ntcheu. Anasiya mwana wamng'ono, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina la Philip.

Mwanayo analowa ufumu wa atate ake mu 1921, nakhala ku Lizulu. Anadziwa bwino amene anapha atate ake, komabe sananyamule nthungo. Kwa zaka zoposa 30 analamulira anthu ake pansi pa boma lomwelo.

Tsiku lao linafika mu 1953, pamene dziko lino linalowetsedwa mokakamiza m'Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Gomani wachiwiriyu, ali wodwala, anauza anthu ake kuti aleke kukhoma msonkho ndi kumvera malamulo a boma a zaulimi. Bwanamkubwa Geoffrey Colby, ali ku Zomba komweko, anawachotsa pa ufumu nalamula kuti asamutsidwe. Apolisi atafika ku Lizulu, mwana wao Willard pamodzi ndi mbusa Michael Scott anawathawitsira ku dziko la Apwitikizi, koma Apwitikiziwo anawabweza. Inkosi inamwalira ku chipatala cha Malamulo mu 1954.

Mau amene anaphetsa atate mu 1896 ndiwo amene mwana anabwereza patapita zaka 57, naye nataya nao ufumu. Chitaganya chinatha pa 31 December 1963, iwo atagona kale.