Ndalama Imodzi, Nkhokwe Zambiri: Yuro ndi Ngongole ya Greece

Pa 7 Febuluwale 1992, nduna za maiko 12 a ku Ulaya zidakumana mumzinda wa Maastricht ku Netherlands ndi kusainirana pangano limene lidabala ndalama ya yuro. Cholinga chidali chabwino: maiko amene adakhetsana mwazi pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu alumikizane pa chuma, kuti wina asadzaganizenso zonyamulira mnzake zida. Ndalamayi idayamba kugwira ntchito m'mabanki a maiko 11 m'chaka cha 1999, ndipo pa 1 Januwale 2002 anthu wamba adayamba kuigwira m'manja. Komabe amisiri a yuro adasiya mbali ina ya nyumba yosafolera. Adagwirizana za ndalama imodzi ndi banki yaikulu imodzi ku Frankfurt, pamene misonkho, bajeti ndi ngongole zidatsala m'manja mwa boma lililonse palokha. Mavuto ambiri a chuma cha ku Ulaya lero adamera pamenepa.

Ajeremani, amene ankanyadira ndalama yawo yolimba, adaopa kudzalipira ngongole za anzawo. Motero padaikidwa malamulo. Kupelewera kwa bajeti ya boma kusapitirire 3 peresenti ya chuma chimene dziko limapanga pa chaka, ngongole yonse ya boma isapitirire 60 peresenti, ndipo dziko lisasenze ngongole ya linzake. Koma m'chaka cha 2003 Germany yomweyo pamodzi ndi France adaphwanya lamulo la 3 peresenti, chilango osalandira. Maiko aang'ono adaona, naphunzirapo kanthu.

Dziko la Greece lidalowa mu yuro m'chaka cha 2001, nkusiya ndalama yake ya drachma. Obwereketsa ndalama adayamba kuona Greece ngati Germany, ndipo chiwongoladzanja chidatsika kwambiri. Boma lidakongola mosaopa, mabanki a ku France ndi Germany nawo adabwereketsa mosafunsa zambiri, pamene ntchito yotolera misonkho idali yofooka. Mu Okutobala 2009 boma latsopano la George Papandreou lidaulula kuti ziwerengero zakale zidali zabodza. Bajeti idapelewera ndi pafupifupi 13 peresenti, ndipo ataunikanso bwino chiwerengerochi chidadutsa 15 peresenti. Obwereketsa aja adathawa nthawi yomweyo.

Dziko limene lili ndi ndalama yakeyake likafika potere limatsitsa mphamvu ya ndalamayo. Amalawi amadziwa kuwawa kwa njira imeneyi, poti kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngakhale ndi yowawa, njirayi imatchipitsa katundu wogulitsa kunja ndipo mtolo umagawidwa kwa onse nthawi imodzi. Greece idalibe mwayi umenewu chifukwa yuro sidali yake yokha. Chidatsala nkudula malipiro, penshoni ndi ntchito za m'boma. Mu Meyi 2010 maiko a yuro ndi bungwe la IMF adalonjeza ngongole ya mayuro 110 biliyoni, ndipo mu 2012 adaonjezera ina ya 130 biliyoni, zonsezi pa mfundo yoti Agiriki amange lamba. Gawo lalikulu la ndalamazi lidangodutsa ku Athens kupita kukabweza ngongole zakale ndi kuchirikiza mabanki. Chuma cha dzikolo chidachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mu 2013 anthu 27 mwa 100 aliwonse ofuna ntchito adali paulova, ndipo mwa achinyamata adaposa theka.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ireland, Portugal, Spain ndi Cyprus nawo adapempha thandizo, ndipo Italy idayamba kugwedezeka. Moto udazilala mu Julayi 2012 pamene Mario Draghi, mkulu wa banki yaikulu ya ku Ulaya, adalankhula ku London kuti bankiyo ichita chilichonse chofunika kuti yuro isafe. Obwereketsa adamukhulupirira, chiwongoladzanja nkutsika. Izi zidaonetsa kuti yuro idapulumutsidwa ndi mawu a banki, osati ndi malamulo a ku Maastricht.

Ku Greece kudakali kutentha. Mu Januwale 2015 anthu adasankha Alexis Tsipras wa chipani cha Syriza, amene adalonjeza kumasula lamba. Zokambirana zidakanika, mabanki adatsekedwa kwa milungu itatu, ndipo munthu ankaloledwa kutapa mayuro 60 okha pa tsiku. Pa riferendamu ya pa 5 Julayi, anthu 61 mwa 100 aliwonse adakana mfundo za obwereketsa. Patangotha sabata imodzi, Tsipras adavomera mfundo zina zokhwima kuti alandire ngongole yachitatu yofika 86 biliyoni, poopa kuti dziko lake lichotsedwa mu yuro. Voti ya anthu idagonja kwa mwini ndalama.

Kodi wolakwa adali ndani? Wolfgang Schäuble, nduna ya zachuma ya Germany, ankati wokongola ayenera kubweza, apo ayi lamulo likhala lopanda mano. Sadali yekha. Slovakia, dziko losaukirapo kuposa Greece pa nthawiyo, lidakana kusonkha nawo pa ngongole yoyamba ija. Agiriki nawo ankakumbutsa kuti pa pangano la ku London la mu 1953 ngongole za West Germany zidadulidwa pafupifupi theka, ndipo Greece idali m'gulu la okhululukawo. Mu 2013 IMF yomwe idavomera kuti idapeputsa kuopsa kwa kudula bajeti pa nthawi ya mavuto. Mbali zonse zidali ndi mfundo, koma panalibe nkhokwe imodzi yoti onse atapemo pa chaka cha njala.

Greece idatuluka m'ndondomeko za thandizo mu Ogasiti 2018, koma funso lija lidakalipo. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, maiko a European Union adagwirizana kukongola limodzi mayuro 750 biliyoni, chinthu chimene adachikana pa nthawi ya Greece, ngakhale adati nza kamodzi kokha. Russia italowa mu Ukraine mu 2022, mitengo ya zinthu m'maiko a yuro idakwera mpaka 10.6 peresenti mu Okutobala, ndipo banki ya ku Frankfurt idakweza chiwongoladzanja chimodzi kwa onse, olemera ndi angongole omwe. Mu 2024 France idaikidwa pa mndandanda wa ophwanya lamulo la 3 peresenti, ndipo Draghi adalemba lipoti loti Ulaya akufunika kuonjezera pafupifupi 800 biliyoni chaka chilichonse kuti apikisane ndi America ndi China. Mu 2025 Germany idafewetsa lamulo lake la ngongole kuti igule zida ndi kukonza misewu ndi njanji.

Ndalama zimenezi zichokera m'thumba la yani? Maiko ena akufuna ngongole ya onse, ena akuti aliyense asenze wake. Mkangano umenewu udasiyidwa pa tebulo ku Maastricht, ndipo kufikira utathetsedwa, dziko lililonse la yuro limene lagwa m'ngongole lidzakumbukira mizere ya anthu pa zitseko za mabanki a ku Athens.