Kufooka kwa okalamba odwala mtima ndi zipangizo zokuyezera

Kufooka kwa ukalamba ndi mkhalidwe umene thupi limatha mphamvu zodzibwezera mwakale, kotero kuti chifuwa wamba kapena kugwa pakhomo kumagoneka munthu milungu yambiri. Si nkhalamba iliyonse imene ili yofooka chotere. Madokotala a mtima amasamala za mkhalidwewu popeza wodwala wofooka sapirira opaleshoni kapena mankhwala amphamvu monga mnzake wa zaka zomwezo.

Zizindikiro zake

M'chaka cha 2001, Linda Fried ndi anzake a pa yunivesite ya Johns Hopkins ku America adatchula zizindikiro zisanu: kuonda kosafuna ndi makilogalamu 4.5 pa chaka, kutopa kosalekeza, kufooka kwa dzanja pogwira chinthu, kuyenda pang'onopang'ono, ndi kuleka ntchito za tsiku ndi tsiku. Wokhala ndi zitatu mwa izi amayesedwa wofooka. Mu 2010, kafukufuku wa Jonathan Afilalo wa ku Montreal adaonetsa kuti okalamba otenga masekondi 6 kapena kuposa poyenda mamita 5 amakumana ndi zovuta zambiri akachitidwa opaleshoni ya mtima.

Zipangizo zovala pamkono

Zipangizozi zimaoneka ngati wotchi. Zimawerenga mapazi amene munthu waponda, maola amene wakhala pansi kapena kugona, ndi kugunda kwa mtima wake, usana ndi usiku. Ubwino wake ngwakuti pamaso pa dokotala wodwala amadzilimbitsa kwa mphindi zochepa, pamene chipangizo chimaonetsa moyo wake wa mlungu wathunthu. Komabe chimaphonya mapazi a woyenda mokwekweretsa miyendo, chimafuna magetsi ndi foni yamakono, ndipo sichilowa m'malo mwa dokotala.

Kuno ku Phalombe

Mabanja ambiri m'midzi yathu sangakwanitse kugula chipangizochi. Koma zimene chimayeza, maso a woyendera odwala angazionenso. Katekisiti wopereka Ukaristia kwa odwala ndi atsogoleri a malimana azidzifunsa: Kodi agogo amene chaka chatha ankafika kutchalitchi pansi, lero akulephera kufika pachitsime? Kodi zovala zawakulira? Kodi mapazi akutupa, mpweya ukubanika akagona chagada? Zikatero apite nawo msanga kuchipatala, monga cha Holy Family cha Arkidayosizi ya Blantyre, akayezedwe BP ndi mtima. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 adapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa Amalawi atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera.

Kutupa mapazi ndi kuonda kwa nkhalamba ndi matenda. Si kulodzedwa, ndiponso si chizindikiro chakuti iwowo ndi mfiti. Papa Francis mu 2021 adakhazikitsa Tsiku la Agogo ndi Okalamba pa Lamulungu lachinayi la mwezi wa July, pafupi ndi chaka cha Yoakimu ndi Anna Oyera. Limana lililonse likonzekere tsikuli polemba maina a okalamba amene asiya kuoneka ku Misa, ndi kuwayendera.