Mafuta Ochokera m'Malasha: Anayamba Bwanji, Nanga Muli Chiyani?

Funso: Akonzi, ndamva kuti ku China amasandutsa malasha kukhala dizilo. Kodi nzeru imeneyi inachokera kuti, nanga mafutawo ndi amodzimodzi ndi a m'zitsime? (Wowerenga wa ku Rumphi)

Yankho: Bambo, mwachita bwino, pakuti safunsa anadya phula. Mwini nzeruyi ndi Friedrich Bergius wa ku Germany, amene, atazindikira kuti malasha ndi mafuta a m'zitsime tsinde lawo ndi kaboni, kungoti malasha ndi osauka haidrojeni, analembetsa mu 1913 njira yopera malasha, kuwasakaniza ndi mafuta olemera, ndi kuwatenthetsa kupitirira madigiri 400 m'mitsuko yachitsulo mopanikizidwa haidrojeni, kufikira mwala wakudawo utasungunuka. Fakitale ya ku Leuna, ku Germany komweko, inayamba ntchitoyi mu 1927, Bergius nalandira mphotho ya Nobel mu 1931. Ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mafutawa ndiwo anaulutsa ndege zambiri za Germany pa nkhondo yachiwiri. Ku China, kampani ya Shenhua inatsegula fakitale yake ku Ordos mu 2008. Njira ya kampani ya Sasol ku South Africa ndi ina, pakuti kumeneko malasha amayamba asanduka mpweya.

Za kufanana, iyayi, safanana, ndipo kuti zimenezi zidziwike pamafunika kudekha kwa woona maso a nkhono. Akatswiri amayamba atcheza mafutawo monga atchezera kachasu, napatula opepuka amene afulumira kutuluka ndi olemera otsalira. Pamenepo amabaya kadontho ndi jakisoni m'makina a gas chromatography, mmene kamayenda m'kapaipi kopyapyala kozengezedwa, kotalika mamita makumi angapo, mtundu uliwonse nutulukira pa nthawi yake, kuti mass spectrometer iuyese kulemera ndi kuutchula dzina.

Chimene amapeza n'chakuti, pamene m'mafuta ambiri a m'zitsime kaboni amalumikizana motambalala, m'mafuta a malasha amalumikizana mozungulira, ndiwo ma naphthene ndi ma aromatic, popeza ndi mmene analili m'malashamo. Amapezanso ma phenol ndi naitrojeni wochuluka, zimene zimadetsa mafuta akakhalitsa, kotero kuti sayenera kuthiridwa m'galimoto asanatsukidwenso ndi haidrojeni. Dizilo wake ndi wolemera ndipo amachedwa kuyaka mu injini, koma saundana msanga m'chisanu choopsa, ndipo chifukwa cha ichi akatswiri amamuyesanso ngati mafuta a ndege.