Milton Santos ndi Misika Iŵiri ya M'mizinda

Milton Santos anabadwa m'chaka cha 1926 ku Bahia, m'dziko la Brazil. Poyamba anaphunzira zamalamulo, koma mtima wake unali pa jogalafe. M'chaka cha 1955 anatulutsa buku lofotokoza dera lolima koko, mbewu imene alimi amakhetsera thukuta koma mtengo wake nkumakambidwa kutsidya kwa nyanja. Digiri ya udokotala anakaitenga ku Strasbourg, ku France, mu 1958.

Asilikali atalanda boma mu 1964 anamtsekera m'ndende. Atatuluka anakhala kunja zaka 13, akuphunzitsa m'maiko osiyanasiyana, mpaka ku Dar es Salaam. M'zaka zimenezi anazindikira kuti mzinda wa dziko losauka uli ndi misika iŵiri: wapamwamba wa mabanki ndi makampani ochita malonda ndi maiko akunja, ndi wapansi wa amisiri ndi ogulitsa m'mbali mwa msewu. Wapansiwo ndiwo umadyetsa anthu ambiri, koma phindu limakwera kumwamba.

Anabwerera kwawo mu 1977, namwalira mu 2001. Amene anamtsekera aja ankayesa kuti amtseka pakamwa, osadziŵa kuti akumtuma kukaona umphaŵi wa dziko lonse ndi maso ake.