Mfuti Yodzazira Kukamwa: Chipolopolo Chosongoka ndi Kachunidwe ka Sikopu

Mfuti yodzazira kukamwa ndi mfuti imene wonga ndi chipolopolo zimalowera kutsogolo kwa mpope, n'kukankhidwira pansi ndi ndodo yotsindira. Pachingerezi amati muzzleloader. Kwathu kuno mtundu wake timaudziwa ndi dzina loti gogodela, mfuti zimene zidachuluka m'zaka za m'ma 1800 pa nthawi ya malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Koma gogodela mkati mwa mpope wake ndi mosalala, ndipo imamenya zapafupi zokha. Ya masiku ano, imene alenje a ku United States amasakira agwape ndi elk, imapangidwa kufakitale, ili ndi tingalande topota mkati mwa mpope, ndipo zambiri zimakhala ndi sikopu pamwamba. Ikadzazidwa mwaluso, imatha kuika zipolopolo zitatu pamalo osaposa chikhatho pa mtunda wa mayadi 100, omwe ndi mamita 91.

Zigawo zambiri za dzikolo zimapatula nyengo yosaka ndi mfuti zimenezi zokha, ndipo n'chimene chidautsa msika wake. Mu 1970 kampani ya Thompson/Center idatulutsa mfuti yotchedwa Hawken yotengera maonekedwe akale, ndipo idayenda malonda kwambiri. Mu 1985 Tony Knight adabwera ndi MK-85, imene moto wake umalowera kumbuyo kwenikweni kwa wonga m'malo mwa m'mbali. Popeza panalibenso nyundo yotulukira pambali, kumanga sikopu kudaphweka. Malamulo amasiyana chigawo ndi chigawo ndipo amasinthasintha. Ku Colorado, pa nyengo ya mfuti zimenezi, saloleza sikopu ngakhalenso sabot, kachikho ka pulasitiki kamene kamavekedwa chipolopolo chaching'ono kuti chidzaze mpope. Ku Pennsylvania kuli nyengo ina ikangopita Khirisimasi, ya mfuti za mwala wa moto zokha. Kumene sabot ndi yoletsedwa, kapena kumene nyama ndi yaikulu, mlenje amatembenukira ku chipolopolo chosongoka chodzaza mpope wonse.

Chiyambi cha chipolopolo chosongoka

Vuto la mfuti yodzazira kukamwa n'lakale: chipolopolo chiyenera kukhala chokhwepa kuti chitsike, komanso chothina kuti chigwire tingalande potuluka. Akale ankakulunga kampira ka mtovu m'kansalu kodzola mafuta. Zinkatheka, koma kwa msilikali wa pankhondo zinkachedwetsa.

Msilikali wa ku France, Claude-Étienne Minié, potsatira ntchito ya mnzake Henri-Gustave Delvigne, adapanga chipolopolo chosongoka chokhala ndi chibowo kunsi, chimene chidafala kuyambira cha mu 1849. Chimatsika mosavuta, koma wonga ukaphulika mpweya umalowa m'chibowomo, tsinde n'kufutukuka mpaka kuluma tingalande. James H. Burton wa ku Harpers Ferry adachikonzanso pochotsa kachitsulo kamene Minié ankaika m'chibowo. Ndicho chidapha anthu ochuluka pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865, chikutuluka mu mfuti za Springfield ya .58 ndi Enfield ya .577. Pa nkhondo yomweyo akatswiri ena olasa a gulu lankhondo la kumwera ankagwiritsa mfuti za Joseph Whitworth, zokhala ndi bowo la ngodya zisanu ndi imodzi, zina zitamangidwa sikopu m'mbali. Choncho sikopu pa mfuti yodzazira kukamwa si chinthu cha dzulodzulo ayi.

Kupota kwa tingalande

Chipolopolo chachitali chimakhala ngati nguli: chikasiya kuzungulira mokwanira chimayamba kudzandira. Mapotedwe a mpope amalembedwa ndi manambala awiri. Akalemba 1:48 ndiye kuti chipolopolo chimazungulira kamodzi pa mainchesi 48 alionse. Mipope ya kampira nthawi zambiri imakhala 1:60 kapena 1:66. Hawken ya Thompson/Center ndi 1:48, yapakatikati, yolola kampira ndi zosongoka zazifupi. Mfuti zambiri zamakono ndi 1:28, ndipo izi ndizo zimagwira bwino zipolopolo zazitali zolemera.

Mu 1879 katswiri wa masamu wa ku England, Alfred George Greenhill, adapereka njira yachidule yowerengera zimenezi: kukula kwa chipolopolo kuchulukitsa ndi iko komwe, kuchulukitsanso ndi 150, n'kugawa ndi kutalika kwake, zonse m'mainchesi. Chipolopolo cha .50 chotalika inchi imodzi chimafuna kuzungulira kamodzi pa mainchesi 37 ndi theka, kapena kufulumirapo. Kampira ka .50 komweko kamakhutira ndi kamodzi pa 75. Chimene chikulamula apa ndi kutalika, osati kulemera. Umboni wa chipolopolo chodzandira umaoneka pa pepala la chandamale: m'malo mwa bowo lozungulira pamakhala bowo lotalika, chifukwa chafika chammbali.

Kuthina koyenera

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mfuti zolembedwa .50 sizikhala zofanana zonse mkati. Ina imakhala .500, ina .502, ina .504, ngakhale zonse zitachokera ku fakitale imodzi. Kusiyanaku n'kochepa ngati kunenepa kwa tsitsi la munthu, koma kwa chipolopolo chopanda nsalu kapena pulasitiki yotseka mpata ndi kwakukulu zedi. N'chifukwa chake opanga ena, monga Thor, amagulitsa kaphukusi koyesera ka zipolopolo zosiyana ndi .001 ya inchi, kuti mwini mfuti ayese chimodzichimodzi mu mpope woyera mpaka apeze chake.

Choyenera chimafuna kukankhidwa ndi kandodo kakafupi kuti chilowe pakamwa, kenako chimatsika ndi mphamvu yofanana ya dzanja limodzi kapena awiri mpaka chikakhale pa wonga. Mukachitulutsira kumbuyo n'kuchiyang'ana, mumaona timizere tosindikizika mofanana kuzungulira malamba ake onse. Chothina kwambiri chimakakamiza munthu kugogoda ndodo, mphuno ya mtovu n'kuphwanyika, ndipo kudzazanso kuthengo nyama itavulala kumakhala kosatheka. Chokhwepa n'choipa koposa. Mpweya wotentha umadutsa m'mbali, kusungunula mtovu ndi kuupaka mu mpope. Komanso chimatha kutsetsereka kuchoka pa wonga pamene mlenje akuyenda mfuti itazolika. Mpata wa pakati pa wonga ndi chipolopolo ukhoza kutupitsa mpope kapena kuuphulitsa kumene. Alenje odziwa amalemba chizindikiro pa ndodo yotsindira, pamene imalekezera mfuti ikadzazidwa bwino. Akayenda mtunda amachotsa kapu yoyatsira, n'kulowetsanso ndodoyo kuti aone ngati chizindikiro chikadali pakamwa pa mpope. Chizindikiro chomwecho chimaulula mfuti yodzazidwa kawiri.

Mitundu ya zosongoka imasiyana pa mmene imatsekera mpweya. Maxi-Ball ya Thompson/Center ndi REAL ya Lee zili ndi lamba wapamwamba wokulirapo, amene timitunda ta mu mpope timamudula polowa. Great Plains ya Hornady, imene ya .50 imalemera ma grain 385, pafupifupi magalamu 25, ili ndi chibowo kunsi monga cha Minié. PowerBelt ndi yocheperako pang'ono ndipo imadalira kasiketi ka pulasitiki kumbuyo. Za mtovu ziyenera kukhala za mtovu wofewa wosasakaniza, chifukwa wolimba sufufuma mokwanira pamene wonga wauponda. Zimafunanso mafuta m'timipata take kuti mwaye wa wonga ukhale wofewa. Kwa zipolopolo za tsinde lafulati, kachidutswa ka ubweya wopanikiza koikidwa pakati pa wonga ndi chipolopolo kawirikawiri kamathandiza kuti zigwere pamodzi. Pa za chibowo kunsi ambiri sakaika, poti kakhoza kulowa m'chibowomo.

Wonga

Wonga wakuda ndi olowa m'malo mwake, monga Pyrodex, Triple Seven ndi Blackhorn 209, amayezedwa ndi kachibekete koyezera, osati kuthira mwa maso. Pa .50 ambiri amayambira pa muyezo wa ma grain 70 kapena 80, n'kumakwera ndi 5 kapena 10, osapyola malire olembedwa m'buku la mfutiyo. Kuchulukitsa wonga sikuwonjezera kulasa. Mtovu wofewa ukathamangitsidwa mopyola umatha kuphonya tingalande, ndipo phewa la wowombera limalipira. Wonga wopanda utsi wa mfuti zamakono suyenera kulowa mu mfuti yopangidwira wonga wakuda, chifukwa umaiphulitsa. Wonga sauthiranso kuchokera m'botolo lake molunjika mu mpope, poti kakhala kotsalira kangayatse botolo lonse m'manja. Kapu yoyatsira imaikidwa pomaliza, ndipo mfuti ikakana kulira amadikira mphindi yathunthu italoza kuchandamale.

Kuchuna sikopu

Kuchuna sikopu ndi kupangitsa kamtanda ka m'galasi kuloza pamene zipolopolo zikugwera. Sikopu payokha siwongola chipolopolo. Ngati zipolopolo zikumwazikana, kupotokola timitu take n'kungotaya wonga. Ndondomeko yanzeru ndi kuyamba kupeza chipolopolo ndi muyezo wa wonga zimene zikugwera pamodzi, kaya kumanzere kaya m'mwamba zilibe kanthu, kenako n'kusuntha kamtandako.

Choyamba ndi kumanga. Chipolopolo cholemera chimachititsa mfuti kukankha mwamphamvu, motero zomangira ziyenera kulimba, ndipo galasi likhale pafupifupi mainchesi anayi kuchokera pa diso. Likayandikira limatema chikope. Pa mfuti zamakono chotsekera cha kumbuyo kwa mpope chimamasulidwa. Munthu amaika mfuti yopanda kanthu pa matumba a mchenga, n'kusuzumira mu mpope mpaka chandamale cha pa mayadi 25 chikhale pakati pa bowo, kenako n'kupotokola sikopu, mfuti osaisuntha, mpaka kamtanda kafike pomwepo. Izi zimangotsimikiza kuti chipolopolo choyamba chigwere papepala.

Masikopu ambiri a ku America amasuntha kotala ya inchi pa mayadi 100 pa kiliki iliyonse. Ngati zipolopolo zitatu zagwera mainchesi 3 kumanzere pa mtunda umenewo, pafunika makiliki 12 kumanja. Pafupi masamu amasintha, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Pa mayadi 50 kiliki imasuntha theka la zimenezo, pa mayadi 25 gawo limodzi la magawo anayi. Kuphonya kwa mainchesi 2 pa mayadi 25 kumafuna makiliki 32, osati 8. Muyezo umatengedwa kuchokera pakati pa mabowo atatuwo, osati pa bowo limodzi lokondweretsa maso. Akamaliza pa 25 amapita pa 50, n'kutsirizira pa 100.

Chimene chimasiyanitsa ntchitoyi ndi kuchuna mfuti wamba n'chakuti wowombera ndiye fakitale ya chipolopolo chilichonse. Muyezo wa wonga, mphamvu yotsindira ndi ukhondo wa mpope ziyenera kufanana ulendo uliwonse. Wonga wakuda umasiya mwaye wokhuthala, ndipo Triple Seven imadziwika ndi kankhokho kolimba kamene imasiya pafupi ndi pokhalira chipolopolo, kamene kamanyenga munthu kuti chafika pansi chisanafike. N'chifukwa chake ambiri amapukuta ndi kansalu kachinyezi kenako kouma asanadzazenso. Blackhorn 209 sifuna zimenezi kwenikweni, koma imafuna kapu yamphamvu ya 209. Mpope ukatentha aulole uzizire.

Pali kanthu kena kamene ambiri amakanyozera. Chipolopolo choyamba cha mu mpope woyera wozizira nthawi zambiri sichigwera pamodzi ndi zotsatira. Chonsecho mlenje wa mfuti yotere amakhala ndi mwayi umodzi, ndipo utsi usanathe nyama imakhala itagwa kapena itapita. Kuchuna koona ndi kwa chipolopolo choyambacho: amene adzasake ndi mpope woyera achune ndi mpope woyera, mafuta osungira atapukutidwa.

Mtunda

Chosongoka cholemera chimatuluka pa liwiro la mamita 400 mpaka 450 pa sekondi, theka la liwiro la mfuti zamakono zosakira. Njira yake ndi yopindika kwambiri. Chikachunidwa pa mayadi 100 chimadutsa mainchesi awiri kapena atatu pamwamba pa mayadi 50, koma pofika pa 200 chimakhala chatsika kupitirira theka la mita, ndipo mphepo ya m'mbali imachikankha kwambiri. Masikopu ena ali ndi timadontho pansi pa kamtanda tolozera mitunda yaitali, koma timadonthoto kawirikawiri tidawerengedwera zipolopolo zopepuka za sabot, ndipo pa chosongoka timanama mpaka mwini atatiyesa yekha papepala. Kusintha mtundu wa chipolopolo, wa wonga kapena wa kapu kumafuna kuchunanso kuyambira pachiyambi. Kwa mlenje wamba wogwiritsa chipolopolo cha mtovu chodzaza mpope, malire owombera nyama mosaivulaza pachabe ali pakati pa mayadi 100 ndi 150.