Maphunziro ndi mayeso a oyimbira mpira

Woyimbira mpira ndi munthu amene wapatsidwa mphamvu zoweruza masewero potsata malamulo 17 a mpira wamiyendo. Malamulowa amawasunga ndi kuwasintha ndi bungwe la IFAB, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1886. M'dziko muno, udindo wophunzitsa oyimbira uli m'manja mwa Football Association of Malawi (FAM) mogwirizana ndi bungwe la oyimbirawo.

M'madera akumidzi monga ku Nchenachena m'boma la Rumphi, kawirikawiri wezulo amagwira ndi mphunzitsi wa pasukulu kapena wosewera wakale amene matimu onse awiri amukhulupirira. Wofuna kuti luso lake lizindikirike amayenera kuchita maphunziro oyambira, n'kuyamba kuyimbira masewero a achinyamata ndi a m'boma. Akachita bwino amakwera kupita muligi ya chigawo cha kumpoto, kenako mu Super League.

Maphunziro ali mbali ziwiri. M'kalasi, ophunzira amalemba mayeso a malamulo, amaonera makanema a masewero n'kugamula ngati wosewera wajomba, ngati pali penate, kapena ngati cholakwacho n'choyenera khadi lachikasu kapena lofiira. Amaphunziranso kulemba lipoti la masewero. Pabwalo amaphunzira poima, kathamangidwe ndi kumvana ndi onyamula mbendera.

Pogona nkhani ndi mayeso a mphamvu za thupi, omwe muyezo wake udaikidwa ndi FIFA. Woyimbira wapakati amathamanga mwaliwiro mamita 40 kasanu n'kamodzi, ndipo mwamuna wa mulingo wa FIFA asapyole masekondi 6 paulendo uliwonse. Akalephera kamodzi amapatsidwa mwayi wina. Akalepheranso ndiye kuti wagwa. Kenako amathamanga mamita 75 n'kuyenda mamita 25, kubwereza ka 40, zomwe zimakwana makilomita anayi. Wochedwa kufika pamzere amachenjezedwa koyamba, kachiwiri amachotsedwa. Onyamula mbendera amayesedwanso kuthamanga cham'mbali ndi kutembenuka msanga. Wolephera sapatsidwa masewero a mulingo umenewo mpaka atakhoza.

Baji ya FIFA si yamuyaya. Chaka chilichonse FAM imatumiza maina a omwe yawasankha, ndipo amene wafooka amatsika. Mwa Amalawi omwe adafika patali ndi Bernadettar Kwimbira, wonyamula mbendera amene adayimbira nawo mpikisano wa World Cup ya amayi ku Canada mu 2015 ndi ku France mu 2019.

Kwa mnyamata kapena mtsikana wa ku Nchenachena, chopinga chachikulu ndi mtunda, popeza maphunziro apamwamba amachitikira m'mizinda monga Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre, ndipo ulendo umafuna ndalama. Komabe mabwalo akumudzi ndiwo amasowa kwambiri woyimbira wophunzira. Kumeneko kulibe mpanda wotchinga ochemerera, apolisi sapezekapezeka, ndipo chigamulo chimodzi chokayikitsa chimatha kuthetsa masewero ndi zibakera.